Inshuwalansi ya GAP pogula galimoto pangongole ku Britain: yezani kaye mpata musanalipire

Kwa ambiri a ife amene tikugwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'makomo mwawo kuno ku Britain, galimoto ndiye khasu lathu. Agogo oyamba amafuna kudzutsidwa 7 koloko m'mawa, achiwiri ali mudzi wina wapatali, ndipo basi imadutsa kamodzi pa ola. Ndiye munthu amapita kwa ogulitsa magalimoto n'kutenga galimoto pangongole. Mapepala akatsala pang'ono kutha, wogulitsa amatsitsa mawu ngati mnzanu wakalekale n'kufunsa kuti: "Nanga galimotoyi itaphwanyika mawa, ngongole yotsalayo adzalipira ndani?" Kenako amatulutsa chikalata cha inshuwalansi ya GAP, inshuwalansi yoonjezera imene imadzaza mpata wa ndalama umene inshuwalansi ya galimoto yausiya, galimoto ikatheratu pangozi kapena ikabedwa.

Funsolo ndi loona, ndipo musalipeputse. Koma yankho lake si la aliyense chimodzimodzi. Alipo amene GAP ingawapulumutse ku ngongole ya galimoto imene kulibe, alipo amene akungotaya ndalama, ndipo alipo ena, amene amandidetsa nkhawa kwambiri, amene amalipira mokhulupirika mwezi ndi mwezi chinthu chimene tsiku la tsoka sichidzawapatsa ngakhale paundi imodzi.

Tiyambe ndi chifukwa chimene nkhaniyi imativutira ife ochokera kumudzi. Ku Malawi galimoto timaiona ngati chuma. Amene anagula Toyota yake ya ex-Japan kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anatha kuigulitsa pambuyo pake pa makwacha ochuluka kuposa amene anagulira, ngakhale anali ataiyendetsa m'maenje zaka ziwiri. Kuno zinthu n'zotembenuka. Galimoto imayamba kutsika mtengo tsiku limene mwaitulutsa pa geti ya ogulitsa, ndipo imatsika mwachangu kwambiri m'zaka zoyambirira. Ngongole nayo imatsika, koma mwaulesi, chifukwa m'miyezi yoyamba gawo lalikulu la zimene mukulipira limadyedwa ndi chiwongoladzanja. Pakati pa mtengo wa galimoto lero ndi ngongole imene yatsala lero pamakhala mpata. Mpata umenewo ndiye nkhani yonse.

Inshuwalansi yanu yaikulu ya comprehensive, ija yoteteza ndi galimoto yanu yomwe, galimoto ikabedwa osapezeka kapena ikawonongeka mpaka akampani n'kunena kuti ndi write-off, siyang'ana ndalama zimene munagulira, siyang'ananso ngongole yanu. Imalipira mtengo umene galimoto yotero, ya zaka zomwezo ndi mtunda womwewo, ikanagulitsidwira pamsika tsiku la ngozi. Pamenepo amachotsaponso excess yanu, gawo lija munagwirizana kuti pa tsoka lililonse mudzalipira nokha.

Tiyerekeze ndi manambala, chifukwa pakamwa pokha zinthuzi zimaterera. Mwatenga galimoto ya £18,000 pangongole ya mtundu wa PCP ya miyezi 48, mwapereka dipoziti ya £500 yokha. Pa PCP malipiro a pamwezi amaoneka ofewa chifukwa chigawo chachikulu cha ngongole amachikankhira kumapeto, chija amati balloon payment. Patha miyezi 14, m'mawa wina wa chisanu galimoto yaterereka pa ayezi n'kukaomba khoma. Inu mwatuluka bwinobwino, koma galimoto yatha. A inshuwalansi akuti mtengo wake pamsika unali £13,200, achotsa excess ya £400, apereka £12,800. Mwaimbira a ngongole, akuti kuti mutseke akaunti pakufunika £15,100. Mwatsala ndi ngongole ya £2,300, galimoto mulibe, ndipo Lolemba ntchito ikudikira. Kuti mugule ina mukufunika dipoziti ina, pomwe kumudzi akudikira fizi ya ana.

Apa ndi pamene GAP imagwira ntchito, koma mitundu yake ndi yosiyana ndipo anthu amasaina osadziwa kuti atenga uti. Finance GAP imangotseka ngongole: pa chitsanzo chathuchi ingapereke £1,900, kuchokera pa £13,200 kufika pa £15,100, ndipo £400 ya excess ikhala yanu pokhapokha chikalata chitanena kuti amalipiranso imeneyo. Return to invoice imakubwezerani pa mtengo umene unalembedwa pa invoisi: ingapereke £4,800, ndipo mukatseka ngongole mutsala ndi £2,500 m'manja yoyambira galimoto ina. Palinso vehicle replacement, yodzaza mpata mpaka pa mtengo wa galimoto yatsopano ya mtundu womwewo ngakhale itakwera, ndi ina ya amene atenga galimoto yobwereka pa lizi. Kwa munthu amene galimoto ndiyo imamudyetsa, ine ndimaona kuti return to invoice ndiyo yanzeru, chifukwa kutseka ngongole kokha sikukufikitsani kuntchito.

Tsopano kodi inuyo mpata muli nawo? Musaganizire, yezani. Imbani kapena lowani pa akaunti yanu ya ngongole mupemphe settlement figure, ndiye kuti ndalama zimene zingatseke ngongole yonse lero. Lamulo la Consumer Credit Act la 1974 limakupatsani ufulu wouzidwa nambala imeneyi. Kenako lowani pa Auto Trader, tsamba la pa intaneti logulitsirapo magalimoto, muone magalimoto ofanana ndi yanu, chaka chimodzi, injini imodzi, mtunda woyandikana, muone mtengo umene akugulitsidwa. Chotsanipo excess. Ngati ngongole ikuposa zimene mwapezazo ndi ndalama zoti simungazitulutse m'thumba osagona ndi njala, GAP ndi yoyenera kuiganizira. Ngati nambala ziwirizi zili pafupi, kapena galimoto ndiyo ili pamwamba, mpata wa ngongole palibe.

Amene amakhala ndi mpata waukulu ndi odziwikiratu: dipoziti yaing'ono kapena yopanda, ngongole ya zaka zinayi kapena zisanu, chiwongoladzanja chokwera, galimoto yatsopano kapena yongotha chaka chimodzi. Achilendo kuno timagwera m'gulu limeneli mosavuta, chifukwa tilibe mbiri ya ngongole, choncho amatipatsa chiwongoladzanja cholemera. Onjezerani mtunda. Wosamalira anthu m'makomo amayenda mamailosi ochuluka kuposa munthu wa mu ofesi, ndipo mailosi iliyonse imakudzula mtengo wa galimoto pomwe ngongole ili pomwepo.

Koma ngati munagula Honda Jazz ya zaka zisanu ndi ziwiri pa £6,000, mutapereka £2,500 pamanja n'kukongola yotsalayo pa HP, ngongole yolipira mwezi ndi mwezi yopanda balloon, sungani ndalama zanu. Galimoto yotero inatsika kale mtengo m'manja mwa ena. Ngati munagula yatsopano ndipo ndinu woyamba kulembedwa pa galimotoyo, werengani kaye chikalata cha comprehensive yanu, pakuti makampani ambiri amalonjeza kukupatsani galimoto ina yatsopano ngati yanu yatha m'miyezi 12 yoyamba. Kulipira GAP m'chaka chimenecho kungakhale kufunda mabulangete awiri mu Okutobala wa ku Nsanje. Ena ogulitsa GAP amalola kuti iyambe kugwira ntchito chaka chikatha, funsani.

Mukaona kuti mukuifuna, funso lotsatira ndi kumene mungaigule, ndipo apa ndilankhule mosabisa: musafulumire kuigula pa tebulo la wogulitsa galimoto. Si ine ndekha amene ndikunena izi. Bungwe loyang'anira makampani a zachuma kuno, la Financial Conduct Authority (FCA), linaona kalekale kuti anthu akugula GAP atatopa ndi mapepala, osayerekeza mitengo. Kuyambira pa 1 Seputembala 2015 linalamula kuti wogulitsa galimoto akupatseni zonse zokhudza GAP yake molembedwa, ndipo asakugulitseni tsiku lomwelo. Payenera kudutsa masiku awiri athunthu, pokhapokha inuyo mwini mutabwerera kwa iye tsiku lotsatira kudzaipempha. Masiku amenewo anakupatsani dala kuti mukafufuze kwina.

Ngakhale lamulolo silinathetse vuto. Mu Seputembala 2023 bungwe lomwelo linaulula kuti pa mapaundi 100 alionse amene anthu ankalipira pa GAP, mapaundi 6 okha ndi amene ankabwerera kwa anthu ngati malipiro a ngozi, ndipo linapeza makampani ena akupereka mpaka 70 peresenti ya ndalamazo ngati komishoni kwa ogulitsa. Mu Febuluwale 2024 makampani okhala ndi 80 peresenti ya msika wa GAP anavomera kuimitsa kaye kugulitsa, ndipo ena analoledwa kuyambiranso mu Meyi chaka chomwecho atatsitsa komishoni. Ndikamaona wogulitsa akumwetulira ndi chikalata chija ndimakumbukira nambala zimenezi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pali ngakhale msonkho: inshuwalansi yogulitsidwa ndi wogulitsa galimoto amaiika msonkho wa 20 peresenti, pomwe yogula panokha kwa kampani ya inshuwalansi ndi 12 peresenti. Ndipo mukalola kuti mtengo wa GAP auphatikize mu ngongole ya galimoto, mudzaulipirira chiwongoladzanja zaka zonsezo. Funsani makampani awiri kapena atatu oima paokha, onani ngati alembedwa m'kaundula wa FCA pa intaneti, muyerekeze. Ngati munasaina kale dzana, muli ndi masiku osachepera 14 oti mubweze.

Tsopano gawo limene ndikufuna mulimvetse kuposa onse. GAP ndi mwana wobereka kumsana kwa comprehensive. Mayi akagwa, mwana wagwa. Kampani yanu yaikulu ikakana kulipira, a GAP nawonso sapereka kanthu, ndipo ngongole yonse imakutsalirani pamutu.

Madzulo ena mlongo wina wa kumpingo kwathu anabwera ndi envulopu ya mapepala kuti timuonere ngati GAP yake inali yabwino. Anali atangoweruka, yunifolomu ili m'thupi, baji ikulendewera pakhosi. Tinayala mapepala patebulo pakati pa makapu a tiyi. GAP inali yabwino ndithu. Koma nditatsegula satifiketi ya inshuwalansi yaikulu ndinapeza kuti analembetsa galimoto ya maulendo a pakhomo ndi kupita kuntchito malo amodzi. Ndinamufunsa kuti, "Achemwali, pa tsiku mumalowa m'nyumba zingati?" Anawerenga ndi zala n'kunena kuti zisanu ndi zinayi. Kuyenda kuchokera kwa kasitomala uyu kupita kwa uyo ndi business use, ndipo iyenera kulembedwa pa satifiketi. Iye anaisiya osadziwa, posankha mtengo wotsika pa foni. Anaimba m'mawa mwake n'kukonza. Ngozi ikanachitika dzulo lake ali pakati pa makomo awiri, akanatha kutaya zonse, ndi GAP yomwe.

Misampha yotere ilipo ingapo ndipo yonse imatikola ife achilendo. Laisensi ya ku Malawi kapena ya ku Zambia mungayendetse nayo miyezi 12 yokha kuchokera pamene munakhazikika kuno, ndipo sasinthanitsa ndi ya kuno monga amachitira ndi ya ku South Africa kapena ya ku Zimbabwe. Muyenera kulemba mayeso. Amene wapyola miyeziyo n'kumayendetsabe ndi laisensi yakumudzi wapatsa kampani chifukwa chokanira. Chimodzimodzi amene amaperekera anthu zakudya kapena maphukusi usiku popanda inshuwalansi ya hire and reward, ya onyamula katundu wa ena molipidwa. Chimodzimodzinso kulembetsa mlamu wokhala ndi laisensi yakale ngati woyendetsa wamkulu kuti mtengo utsike, pomwe galimoto mumayendetsa ndinu tsiku lililonse, kapena kulemba adiresi ya msuweni wokhala tauni ina. Ndikudziwa chifukwa chake anthu amachita zimenezi, inshuwalansi ya munthu watsopano kuno imaluma. Koma ngati ndalama zili zochepa ndipo muyenera kusankha, konzani inshuwalansi yaikulu ikhale yoona pa mzere uliwonse, GAP ibwere pambuyo.

Chikalata cha GAP chenichenicho muchiwerenge ndi cholembera m'manja. Onani malire a ndalama zimene angapereke, ndi zaka zimene chikugwira ntchito, kuti zisathe ngongole isanathe. Ambiri salipira miyezi imene munalephera kulipira ngongole. Ambiri salipiranso ngongole ya galimoto yakale imene wogulitsa anaisenzetsa pa yatsopano, ndipo anthu amene anasinthitsa galimoto ngongole isanathe ndi amene amalira kwambiri pamenepa. Ena amafuna kuti mugule GAP pasanathe masiku akutiakuti kuchokera tsiku limene munagula galimoto. Safunsa anadya phula, funsani zonsezi ndipo yankho akulembereni pa imelo.

Abale a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, chinthu chomwechi kumeneko amachitcha credit shortfall kapena top-up cover, ndipo ndi ngongole za miyezi 72 zokhala ndi balloon mpata umakhala nthawi yaitali. Kayezedwe kake ndi komweko, koma malamulo a FCA ndatchulawa ndi a ku Britain okha.

Tsoka likagwa, musavomere mtengo umene a inshuwalansi yaikulu akupatsani musanaimbire a GAP, chifukwa ambiri amafuna kuuona kaye, ndipo mukavomera wotsika angakane kudzaza gawo limenelo. Sonkhanitsani zithunzi za magalimoto ofanana ndi yanu amene akugulitsidwa, ndi mabuku a sevisi, mutsutse mtengowo ngati ndi wochepa. Pitirizani kulipira ngongole mwezi ndi mwezi mpaka akaunti itatsekedwa, ngakhale galimoto ili ku sikirapu, kuti mbiri yanu ya ngongole isadetsedwe. Kampani ikakuzunguzani, lembani dandaulo. Ili ndi masabata 8 oti iyankhe, ndipo mukapanda kukhutira muli ndi miyezi 6 kuchokera pa yankho lawo lomaliza yoti mutengere nkhaniyo ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo otere, kumene sakulipiritsani kalikonse.