Momwe mungasankhire galimoto yaing'ono ya hatchback yoyenera misewu ya ku Mangochi

Galimoto zing'onozing'ono za hatchback (zija zopanda buti yotulukira kunja, za chitseko chakumbuyo chotsekukira m'mwamba) zimene zadzaza pa Boma pano, monga Toyota Vitz, Passo, Honda Fit, Mazda Demio, Nissan March ndi Suzuki Swift, zambiri zinabwera kuchokera ku Japan zitayendapo kale, ndipo zina zimabwera ndi abale athu ochokera ku Joni. Alipo owerengeka amene amakatenga yosayendapo n'komwe kwa ogulitsa ovomerezeka a ku Blantyre kapena ku Lilongwe, monga Toyota Starlet imene inayamba kugulitsidwa m'maiko a mu Africa mu 2020, yomwe imapangidwa ku India potengera Suzuki Baleno. Yoteroyo imabwera ndi chitsimikizo chakuti ikavuta m'zaka zoyambirira adzakukonzerani, koma mtengo wake ndi wa anthu a thumba lolemera. Kaya mutenga njira iti, kasankhidwe kake sikasiyana kwambiri.

Yambani ndi kudzifunsa kumene galimotoyo izidzayenda, musanaganize za mtundu wa penti kapena wailesi yam'kati. Munthu amene ulendo wake ndi wochoka pa Boma kupita ku Liwonde pa msewu wa M3, kapena ku Monkey Bay pa M10, angathe kugula pafupifupi iliyonse mwa galimoto zimenezi osadandaula. Zinthu zimasintha mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi. Wolowera ku Namwera ndi ku Chiponde ayenera kukwera chitunda cha Chowe, pamene wopita ku Makanjira amakumana ndi msewu umene wakhala ukusautsa madalaivala kwa zaka zambiri, mchenga nthawi yachilimwe ndi matope nthawi yadzinja. Galimoto zimenezi n'zotsika, mimba yake imatalikirana ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 14 kapena 15 basi, ndipo mukakweza anthu asanu ndi thumba la chimanga kumbuyo mpata umenewo umacheperanso. Ngati kwanu n'kumene mvula imakumba zigwembe pamsewu, ndi bwino kuvomereza msanga kuti hatchback si galimoto yanu.

Kukula kwa injini kumatsatira pa yankho lomwelo. Injini ya 1,000cc ya masilinda atatu, imene ili mu Vitz ndi Passo zambiri, imamwa mafuta pang'ono, ndipo pa nthawi ya mizere italiitali kumalo omwetsera petulo mwini wake amagona tulo. Koma ikadzaza anthu, eyakoni ili yoyatsa chifukwa cha dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala, imakwera chitunda mopuma wefuwefu. Ine ndimaona kuti 1,300cc ndiyo yoyenera munthu wa banja, pakuti kusiyana kwa mafuta sikwakukulu pamene mphamvu yowonjezerayo mumaimva podutsa lole kapena pokwera phiri. Kumbukiraninso kuti msonkho wa MRA umawerengedwa poyang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, choncho yakale kwambiri imene ikuoneka yotchipa pa intaneti ikhoza kudzakudabwitsani pachipata cholowera m'dziko.

Musanakonde galimoto iliyonse, kacheze ndi makaniko amene adzakhale akuikonza. Passo ndi Daihatsu Boon ndi galimoto imodzi yosiyana chizindikiro chokha, ndipo injini yake ya 1KR ndi yomweyo ya mu Vitz yaing'ono, kotero masipeyala ake amapezeka mosavuta ngakhale m'timashopu ta pamsika. Za Demio, March kapena Volkswagen Polo kawirikawiri zimafuna kuti mutumize munthu ku Limbe kapena ku Biwi ku Lilongwe, galimoto itakhala pamiyala kudikira. Pano ndichenjezeko za masipeyala otchipa amene amabwera m'makatoni okongola olembedwa dzina la kampani yopanga galimoto pamene m'katimo muli zinthu zongoyerekeza. Mabuleki ndi mashoko otere amatha miyezi yochepa, ndipo wogulitsa salandira chobweza. Za galimoto zoyendera petulo ndi batire pamodzi, monga Toyota Aqua, n'zoona kuti zimasunga mafuta kuposa zonse, koma batire lake lalikulu lili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo limazizira ndi mpweya wa m'kati mwa galimoto. Kutentha ndi fumbi la kuno si bwenzi la batire lotere, ndiye funsani kaye ngati pali makaniko wapafupi amene ali ndi makina oliyezera.

Tsopano tifike poyesa galimoto, pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa m'pamene zinandivuta ine. Hatchback zambiri zochokera ku Japan masiku ano zili ndi giyabokosi ya CVT, imene ilibe magiya odumphadumpha ngati otomatiki yakale koma imayendera lamba wachitsulo wozungulira pa mapule awiri. Giyabokosi imeneyi ili ndi mafuta akeake: Toyota ili ndi a TC ndi a FE, Nissan ili ndi a NS-2 ndi a NS-3, Honda nayonso ili ndi ake, ndipo mukathiramo mafuta wamba a otomatiki lamba uja amayamba kuterereka mpaka kukanda mapule. Galimoto imene ndinagula pa yadi ina ku Blantyre inali yoyera bwino, injini ikulira mofatsa, ndipo mnyamata wa payadipo anandilola kuizunguliza m'misewu yosalala yapafupi, iye atakhala pambali panga akuyamikira eyakoni. Inafika ku Mangochi popanda vuto. Tsiku limene tinanyamuka ndi banja kupita ku Namwera, titafika pakati pa chitunda cha Chowe, singano yosonyeza kuthamanga kwa injini inayamba kukwera pamene liwiro likutsika, pansi pakumveka kulira kopyapyala kosalekeza, kenaka nyali yochenjeza inayaka. Makaniko atatsitsa mafuta a giyabokosi m'beseni anatuluka akuda, onunkha chopserera, ndipo pa maginito a m'chiwaya cha pansi panali phala la tizitsulo loti ukaligwira limamata zala. Winawake anali atathiramo mafuta olakwika kuti galimoto igulike msanga. Eni yadi ananena kuti katundu akatuluka pageti sabwereranso, ndipo ndalama imene inapita pa giyabokosi ina ikanakwana kugulira galimoto yabwinopo poyamba pomwe.

Ndiye poyesa chitani motere. Fikani m'mawa galimoto isanalizidwe, gwirani boneti kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa injini yotenthetsedwa kale imabisa utsi ndi phokoso. Ikani giya pa D mutaponda buleki, kenaka pa R, ndipo mumvetsere ngati ikuchedwa kugwira kapena ikugunda. Kwezani anthu atatu kapena anayi, yatsani eyakoni mpaka kumapeto, ndipo muumirire kuti mukufuna chitunda chenicheni ndi ulendo wosachepera theka la ola, popeza CVT yodwala imadziulula mafuta ake akatentha. Ku Blantyre zitunda sizisowa. Pamalo okwera imani, kenaka nyamukani pang'onopang'ono: galimoto ikanjenjemera, kapena injini ikalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, ibwezeni ndipo musamvere zoti ingofunika kusintha mafuta. Wogulitsa amene akukana ulendo woterewu ponena kuti mafuta ndi ochepa, muuzeni kuti muthira nokha malita asanu. Akakanabe, wakuuzani zonse zimene mumafuna kudziwa. Tengani makaniko wanu wochokera kuno, ngakhale zitatanthauza kumulipirira basi ndi chakudya, osati amene akulozereni eni yadi, ndipo abwere ndi kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero kowerenga zolakwika za mu kompyuta ya galimoto. Pali ena amene amazimitsa nyali zochenjeza pochotsa babu, choncho potembenuza kiyi onetsetsani kuti nyali zonse zayaka kaye kenaka n'kuzima injini ikalira.

Makaniko yemweyo agone pansi ayang'ane dzimbiri. Galimoto zochokera kumpoto kwa Japan, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale chofewa, zimadyeka mimba ngakhale pamwamba zikuwala. Makilomita olembedwa pa dashibodi musawakhulupirire okha, chifukwa kuwabweza m'mbuyo ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa odziwa. Yerekezani ndi kutha kwa chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi labala wa pa buleki. Ngati ilipo, pemphani pepala la kumsika wa okushoni wa ku Japan: giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ndi yotopako, pamene R imasonyeza kuti galimoto inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Amene mwasankha kuitanitsa nokha kudzera pa makampani a pa intaneti monga BE FORWARD kapena SBT, dziwani kuti simudzakhala ndi mwayi woyesa, ndiye pepala la okushoni ndi zithunzi za pansi pa galimoto ndizo maso anu. Mtengo woyamba umene mumauona nthawi zambiri ndi wa FOB, wosaphatikiza sitima. Woti muwerengere ndi wa CIF, wophatikiza sitima ndi inshuwalansi ya panyanja, mpaka ku Dar es Salaam, ndipo pamwamba pake muwonjezere zolipira padoko, dalaivala wobweretsa galimoto ku Songwe, ajenti wa pachipata, msonkho, ndi mafuta a ulendo wautali wotsika ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja kudzera ku Nkhotakota, Salima ndi Golomoti. Zonsezi zimatsatira dola, ndipo amene anali ndi galimoto panyanja mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, akudziwa mmene bajeti imasokonekera. Siyani ndalama yapadera. Lipirani kudzera ku banki ku akaunti ya kampani yeniyeniyo, osati kwa munthu wa pa Facebook kapena WhatsApp amene akulonjeza kuti ali ndi njira yachidule yopezera madola kapena yochepetsera msonkho, pakuti galimoto yolowa ndi mapepala opotoka imadzagwidwa ili m'manja mwanu.

Zotsalazo ndi za mapepala. Nambala ya chasisi imene yadindidwa pa galimoto ifanane ndi ya pa mapepala a MRA kapena pa bulu buku, chilembo ndi chilembo. Ngati inalembetsedwa kale m'dziko muno, pitani limodzi ndi mwini wake ku Road Traffic kukasintha umwini, ndipo ndalama yomaliza muipereke zimenezo zikatheka. Madobadoba a pageti asiyeni, mzere ndi womwewo. Kenaka COF (chiphaso chakuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi, ndi sevisi yoyamba yosintha oyilo, mafyuluta ndi mafuta oyenera a giyabokosi. Onaninso ngati muli tayala la sipeya ndi jeke, chifukwa galimoto zambiri za ku Japan zimabwera ndi kabotolo ka guluu ndi kapampu basi, ndipo matayala a chipale chofewa amene zina zimafika nawo sachedwa kutha pa phula lotentha la kuno.