Kuyeza BNP kwa Odwala a mu ICU (Chipinda cha Odwala Mwakayakaya)

Wodwala akangofika akubanika, tengani magazi kuti muyeze BNP, homoni yomwe mtima umatulutsa ukapanikizika. A BNP aikeni m'chubu chapulasitiki cha EDTA (mankhwala oletsa magazi kuundana) ndipo apite kulabu msanga, chifukwa BNP sichedwa kuwonongeka.

BNP ikakhala pansi pa 100 pg/mL, kapena NT-proBNP (chidutswa china chomwe mtima umatulutsa limodzi ndi BNP) pansi pa 300, kawirikawiri vuto si kufooka kwa mtima. Kuti muukayikire mtima, NT-proBNP ipitirire 450 kwa osakwana zaka 50, 900 kwa a zaka 50 mpaka 75, ndi 1800 kwa opitirira pamenepo.

Koma mu ICU nambala yokwera imapusitsa. Sepsis (thupi lonse kudwala kwambiri chifukwa cha tizilombo), impso zofooka ndi atrial fibrillation (kugunda kwa mtima kosalongosoka) zimaikweza, pomwe kunenepa kwambiri kumaitsitsa. Choncho muunikenso mtima ndi echo (sikani ya mtima). Wodwala amene akumwa mankhwala a mtima a sacubitril/valsartan muyezeni NT-proBNP, popeza mankhwalawa amakweza BNP.