Kuyenda wapansi kuchoka ku Limbe mpaka ku Zomba: pogona m'pofunika kupempha dzuwa lisanalowe

Ndayendapo kawiri ndi miyendo kuchoka ku Limbe kukafika ku Zomba potsata msewu wa M3, chikwama kumsana, tenti ili m'kati. Mtundawu umapitirira pang'ono makilomita 60, ndipo ine ndimaugawa masiku atatu. Ambiri amandifunsa za nsapato ndi kulimba kwa miyendo, koma chovuta chenicheni pa ulendowu ndi pogona.

Msewuwu sudutsa m'tchire. Mukatuluka mu Limbe mudutsa pa Kachere, Mapanga, Njuli, Mbulumbuzi, Namadzi ndi Thondwe, ndipo pakati pa malo amenewa pali nyumba, minda, masukulu, matchalitchi ndi mizikiti. Malo aliwonse amene mukuwaona ngati opanda kanthu ali ndi mwini wake. Mukangokhoma tenti kuseri kwa mabulugamu madzulo osauza munthu, ana adzakuonani ndithu, ndipo pomafika usiku mudzi wonse udzakhala ukufunsana kuti mlendo wobisalayo akufunanji. Tisaiwale kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'chigawo cha kumwera, ena mwa iwo chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Nkhani imeneyi sindiitenga mwachibwana.

Ndiye ine ndimachita chonchi. Ikamakwana 3 koloko masana ndimasiya kuwerenga makilomita, n'kuyamba kufunafuna malo. Ndimaima pagolosale, ndigule kanthu, ndipereke moni bwinobwino, kenako ndifunse kwa anyakwawa kapena kwa akuluakulu a mpingo wapafupi. Safunsa anadya phula. Ndikafika ndimaodira ndili patali, nditule chikwama, ndikhale pansi, ndivule chipewa. Ndimatchula dzina langa, kwathu, mfumu yathu, kumene ndachokera ndi kumene ndikupita, chiphaso cha unzika chili m'manja asanachifunse n'komwe. Ndimanenanso nthawi imene ndidzanyamuke m'mawa.

Ulendo wanga woyamba, chakufupi ndi Mbulumbuzi, mayi ena achikulire anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali pa fumbi la m'miyendo mwanga. Anati, "Ndiye minibasi zonsezi bambo, mwabedwa ndalama kapena?" Nditafotokoza kuti ndangofuna kuyenda, anaitana mdzukulu wawo kuti andiperekeze kwa amfumu. Usiku umenewo tenti ndinaikhoma pabwalo lawo, pakati pa nkhokwe ndi khola la mbuzi, ndipo m'mawa ndinapeza madzi otentha osamba kumaso ali m'beseni pakhomo pa tenti. Pochoka ndinawasiyira shuga ndi sopo. Muzinyamula zoterezi, zimalandirika bwino kusiyana ndi kutambasula ndalama ngati mwagona ku resitihausi. Pemphaninso kuti a chitetezo cha m'mudzi auzidwe kuti kuli mlendo, kuti oyendera usiku asadabwe. Akakukanizani, thokozani n'kupita patsogolo; n'chifukwa chake muyenera kuyamba kufunsa kukali kowala. Sungani padera ndalama ya chipinda ku malo ogona alendo, mwina pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti zikavuta musagone pakhonde la sitolo.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Kumazizira, ndipo chiperoni chikhoza kukunyowetsani tsiku lonse, choncho juzi ndi pepala la pulasitiki lophimbira chikwama zisasowe. Mu Okutobala musayese, phula limatentha mpaka m'kati mwa nsapato. Nyamukani kukangocha chifukwa miyezi imeneyi mdima umagwa isanakwane 6 koloko.

Pamsewu yendani kudzanja lamanja kuti muziona magalimoto akubwera kutsogolo kwanu. Tcheru chikhale pa minibasi zimene zimangokhotera pambali zikaona munthu, ndi akabaza a njinga zamoto amene amatulukira kumbuyo mwakachetechete. Chapafupi ndi Njuli pamadutsa malole a miyala ya kwale, apatseni mpata wokwanira. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni m'chikwama.

Chakudya musasenze chambiri. Pa malo aliwonse a malonda mupeza chiwaya, mbatata yootcha, nthochi, zitumbuwa ndi mtedza, ndipo mukafika pa Thondwe tsiku la msika mudzasowa chosankha. Madzi ndiwo ofunika kusamala: mabotolo awiri a malita awiriawiri, kudzaza pa mjigo, kuthira WaterGuard n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Mapaketi angapo a Thanzi amathandiza thukuta likachuluka. Pa mjigo musadumphe mzere. Perekani moni kwa amayi, nthawi zambiri okha amakuuzani kuti mutungiretu.

Nsapato zikhale zimene mwaziyendera kale kwa milungu ingapo, ngakhale zapakaunjika zili bwino bola zisathine. Ine masana aliwonse ndimavula, ndiumitse mapazi pamthunzi, ndisinthe sokosi. Mukamva pena pakutentha pachidendene, imani pomwepo mumate pulasitala thuza lisanatuluke. Tenti ikhale yotseka bwino chifukwa cha udzudzu, ndipo moto musasonkhe pamalo a eni osapempha.

Musathamangire kufika. Phiri la Chiradzulu limakuperekezani kudzanja lamanja kwa maola ambiri, likusintha maonekedwe pang'onopang'ono, zimene wa m'minibasi saziona. Chakufupi ndi Namadzi pali njira yopita ku Magomero, kumene amishoni a mpingo wa Angilikani a UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anakhazikika mu 1861 ndiponso kumene anthu a John Chilembwe anaukira mu 1915. Ngati miyendo ikulola, onjezerani tsiku mukaoneko. Tsiku lachitatu phiri la Zomba limayamba kudzaza kutsogolo konse, kenako mufika pa chipilala chokumbukira asilikali a nthawi ya atsamunda a King's African Rifles (KAR) polowa m'tauni. Ngati mukufuna kukagona pamwamba pa phiri, gulirani chakudya mumsika wa Zomba, ndipo chitunda cha ku Ku Chawe muchiyambe m'mawa mwake mutapumula.