Kusaka mafidi pa setilaiti ndi dishi ya pakhomo

Mtolankhani akakhala pa bwalo la mpira, galimoto ya SNG (galimoto ya atolankhani yokhala ndi dishi yotumizira zithunzi) imaponya zithunzi zake ku setilaiti kuti zikafike ku situdiyo. Amenewa ndiwo mafidi: zithunzi zosadulidwa, zopanda malonda, mwina mtolankhaniyo akukonza tayi podikira kuti amuitane. Dikoda ya DStv singawagwire.

Pamafunika dikoda ya free-to-air (yogwira matchanelo aulere) ya DVB-S2 (mtundu wa siginolo ya setilaiti) yokhala ndi blind scan (kusaka yokha popanda kuipatsa mafrikwensi), ndipo apa musaumire ndalama. Mafidi alibe pokhazikika, lero pano mawa apo, ndipo ambiri amayenda pa symbol rate (liwiro lomwe siginolo imatumizidwira) yotsika. Dikoda yotchipa imangowalumpha ngati palibe kanthu.

Pa gulu la mafrikwensi la Ku-band (10.7 mpaka 12.75 GHz) yambani ndi dishi ya mamita 1.2 ndi universal LNB (kachipangizo kolandira siginolo kutsogolo kwa dishi), LO (frikwensi ya LNB yomwe mumalemba mu dikoda) muike 9750/10600. C-band (3.7 mpaka 4.2 GHz) imafuna dishi ya mamita 1.8 kapena 2.4, LO ikhale 5150. Mukaphonya nambala imeneyi, mafrikwensi onse amatuluka olakwika. Waya akhale RG6, ndipo F-connector (cholumikizira waya ku LNB) ya panja muikulunge bwino ndi tepi, chifukwa madzi akalowamo siginolo imafa pang'onopang'ono.

Kuno kum'mwera kwa equator dishi imayang'ana chakumpoto, mopendekera kum'mawa kapena kumadzulo malinga ndi komwe setilaiti ili. Yambani ndi setilaiti yamphamvu ngati Intelsat 20 pa 68.5°E. Sunthani dishi pang'ono, dikirani masekondi angapo, maso ali pa mulingo wa quality (ubwino wa siginolo) wa pa sikirini osati pa strength (mphamvu yake). Kenaka potozani LNB m'chogwirira chake mpaka quality ikwere. Ambiri amaiwala sitepe iyi n'kumadandaula kuti dishi yachepa.

Sakani kutatsala mphindi 30 kapena ola kuti masewero ayambe, ku H ndi ku V komwe (siginolo yopingasa ndi yoimirira). Mukaona mizere yamitundumitundu pa sikirini, musachokepo, akuyesa laini.

Mawu akamamveka koma chithunzi osaoneka, kawirikawiri fidiyo ndi ya 4:2:2 (mtundu wa kasungidwe ka chithunzi), yomwe madikoda ambiri sawerenga. Kompyuta yokhala ndi khadi ya DVB-S2 imaitsegula. Quality ikakhala yokwera koma sikirini ili bii, kawirikawiri ndiye kuti aitseka ndi BISS (njira yokiyira mafidi ndi nambala yachinsinsi), isiyeni. Mvula yamphamvu imadula Ku-band, C-band imapirirako. Fidi yomwe beam yake (komwe setilaiti ikuponya siginolo) yaloza ku Ulaya simungaigwire ku Lilongwe, dishi ikule bwanji. Zomwe mwagwirazo n'zoonera pakhomo, eni ake salola kuziulutsanso pa Facebook kapena m'nyumba ya vidiyo.