Momwe mungaikire magetsi a LED pa galimoto ya waya

Galimoto ya waya yoyaka magetsi kutsogolo ndi kumbuyo imaoneka bwino, kaya ndi ya mwana kaya ndi ya pa sewero la kusukulu. Vuto ndi lakuti ambiri amangolumikiza LED (kababu kakang'ono konga ka mu tochi) ku mabatire, iyo n'kuthwanima kamodzi n'kupsa. LED ilibe mphamvu yodziletsa, imameza moto wonse umene yapatsidwa. Choiteteza ndi kachipangizo kakang'ono ka timizere tamitundumitundu kotchedwa rezisita, kamene m'masitolo a ku Tete mukafunse kuti resistência.

Pezani ma LED awiri oyera ndi awiri ofiira, marezisita anayi, mabatire atatu a AA, switchi, tiwaya tokutidwa ndi pulasitiki, ndi tepi yakuda. Ngati ku Ulónguè kapena ku Zóbuè simunapeze zatsopano, pitani kwa okonza mawailesi. Tochi yakufa imakhala ndi ma LED abwinobwino, ndipo wailesi yakale ili ndi marezisita ambiri.

Yambani ndi kudziwa miyendo. Mwendo wautali wa LED ndi wa ku +, waufupi ndi wa ku −. Yochotsa mu tochi imakhala yodulidwa kale miyendo, ndiye yang'anani m'mphepete mwa kamutu kake: mbali yophwatalala ndiyo ya −. Mukatembenuza siyaka, basi.

Tsopano masamu, ndipo pano musathamange. Mabatire atatu olumikizidwa motsatana, + wa lina ku − wa linzake, amapereka mavolti 4.5 (4.5 V). LED yofiira imatenga pafupifupi 2 V, kutsala 2.5 V. LED yaing'ono ya mamilimita 5 isapitirire 20 mA (mA ndi muyeso wa moto wodutsa mu LED), choncho tiipatse 15 mA, omwe ndi 0.015 A. Gawani 2.5 ndi 0.015, mupeza ma ohm 167 (ohm ndiwo muyeso wa rezisita). Rezisita yoyandikira ndi ya ma ohm 180, koma ine ndimakonda ya 220 chifukwa ndi yosasowa, ndipo mabatire amakhalitsa. Timizere take ndi kofiira, kofiira, kabulauni. LED yoyera imatenga pafupifupi 3 V, kutsala 1.5 V, ndiye ikufuna ma ohm 100: kabulauni, kakuda, kabulauni. Kamzere kagolide kakumapeto musakawerengere.

LED iliyonse ikhale ndi rezisita yakeyake. Ndikudziwa kuti kugwiritsa imodzi pa onse anayi kumaoneka ngati kusunga ndalama, koma ofiira aja, poti amayaka ndi mphamvu yochepa, amalanda moto wonse, oyera n'kungoti zii osayaka. Munthu amataya tsiku lonse akuganiza kuti anagula zakufa.

Pindirani mwendo umodzi wa rezisita ku mwendo wautali wa LED. Rezisita ilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Ngati muli ndi chowotcherera, gusani nsonga yake masekondi awiri kapena atatu okha, chifukwa kutentha kwambiri kumapha LED. Ngati mulibe, potani miyendoyo mwamphamvu ndi pulayala.

Kenako miyendo yotsala ya marezisita onse anayi ikumane pa waya mmodzi wopita ku switchi, switchiyo ipite ku + wa mabatire. Miyendo yaifupi ya ma LED ikumane pa waya wina wopita ku −. Yesani zonse zili patebulo musanamangirire pa galimoto.

Kumbukirani kuti thupi la galimotoyo ndi chitsulo. Miyendo yosavala ya ku + ndi ya ku − ikakhudza thupilo, moto umadutsa njira yachidule, mabatire amatentha n'kutha msanga. Kulungani polumikiza paliponse ndi tepi, mwendo uliwonse pawokha, ndipo poboola malata a kutsogolo ikani kachidutswa ka labala ya chubu cha njinga kuti waya asachekeke.

Ena amakonda pawabanki ya foni, imene imapereka 5 V. Pamenepo ofiira asiyeni ndi 220, oyera muwapatse 150. Koma soketi ya pakhoma ya kampani ya magetsi ya EDM, ya 220 V, musaiyandikize n'komwe ku ntchitoyi, ndipo ana muwauze zimenezi momveka musanawapatse galimoto yawo.