Kawailesi komanga nokha kakatulutsa mawati ochepa

Mwamaliza kumanga kawailesi kanu ka QRP, kutanthauza kawailesi ka amateur radio kotumiza ndi kulandira mauthenga pa mphamvu yochepa. Kakumva bwinobwino, masiteshoni a ku South Africa ndi ku Europe akulowa pa bandi ya 20m (14 MHz), koma mukakanikiza key, kachipangizo kotumizira Morse, palibe amene akukuyankhani, ndipo mita ikuonetsa wati imodzi kapena ziwiri pomwe buku la kit likunena 5. Ambiri akafika apa amathamangira kuzula matransistor. Ikani kaye soldering iron pansi. Pa timawailesi timene ndatsegulapo kuno ku Area 25, tanga ndi ta anzanga, transistor imakhala yomalizira kupalamula. Ndinena kwambiri za mawailesi a mtundu wa QCX, aja ali ndi matransistor atatu a BS170 kumapeto ndi matoroid (timphete tokulungidwa waya) atatu mu low pass filter, sefa yochotsa ma frequency okwera osafunika, koma njira yake ndi yomweyo pa ma kit ena.

Choyamba chotsani eriyo. Simungadziwe mphamvu yeniyeni ya wailesi muli pa eriyo, chifukwa vuto likhoza kukhala pa denga osati pa bolodi. Mufunika dummy load ya 50 ohms, cholowa m'malo mwa eriyo poyeza, ndipo simuchita kuitanitsa kunja: ma resistor 20 a 1k olumikizidwa mbali ndi mbali amapereka 50 ohms ndendende. Okonza mawailesi ndi ma TV ku Old Town, cha ku Malangalanga, amakhala nawo. Mutenge a carbon kapena metal film a wati imodzi. Aja oyera ooneka ngati simenti musatenge, mkati mwake muli waya wokulunga, ndiye pa 14 MHz amasanduka koyilo. Ubwino wina wa dummy load ndi woti simukuulutsa kanthu mumlengalenga. Kuulutsa kwenikweni kumafuna chiphaso cha MACRA ndi call sign (dzina lanu la pa wailesi) yoyamba ndi 7Q.

Mita imene mukuikhulupirirayo nayonso ikhoza kukunamizani. Ma SWR meter (mamita oikidwa pakati pa wailesi ndi eriyo) opangidwira mawati 100 sawerenga bwino pansi penipeni pa sikelo. Ine ndimayeza chonchi: diode ya 1N4148 kuchokera pa waya wapakati wa dummy load, capacitor ya 10nF kuchokera kumapeto kwa diode kupita ku ground, kenako multimeter pa DC pa capacitor pomwepo. Nambala imene mwapeza wonjezerani 0.7, ichulukitseni ndi iyo yomwe, mugawe ndi 100. Mukawerenga 21.7V ndiye mawati 5. Mukawerenga 13.4V ndi mawati 2, ndipo 9.3V ndi wati imodzi. Key muzikanikiza masekondi awiri kapena atatu basi, si zoti mugwire mpaka mutawerengetsera masamu onse.

Tsopano magetsi. Apa ndi pamene ife a ku Lilongwe timagwa kwambiri, chifukwa ambiri timayendetsa wailesi pa batire la sola kapena la njinga yamoto poopa kuzimazima kwa magetsi. Batire lotopa limaonetsa 12.5V lili chikhalire, koma mukangokanikiza key limatsika kufika 10.5V. Choncho yezani pa bolodi penipeni, key ili yokanikiza, osati pa batire. Mphamvu ya amplifier ya Class E, mtundu umene uli mu QCX, imayenda ndi voteji yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, ndiye kutsika kuchoka pa 12V kufika pa 10.5V kumakudyerani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mawati anu. Tiwaya topyapyala ta ma charger a foni nato timaba voteji, komanso diode yoteteza wailesi mukasinthanitsa mawaya imadyako pang'ono. Ikani waya wonenepa, waufupi.

Mukadali pomwepo, ikani multimeter pa ma amp muone kuchuluka kwa magetsi amene wailesi ikukoka potumiza. Kawailesi ka mawati 5 pa 12V kamakoka cha m'ma theka la amp kapena kupitirirako pang'ono. Nambala imeneyi imakulozerani kopita. Ikakhala yochepa kwambiri, pafupifupi yofanana ndi ya pomvetsera, ndiye kuti ma BS170 sakulandira drive (siginolo yowayendetsa) kapena sakulandira magetsi. Ikakhala yokwera koma mawati ali pansi, mphamvuyo ikupangidwa ndithu koma ikuthera m'njira ngati kutentha, ndipo pafupifupi nthawi zonse nkhani imakhala mu filter.

Tifike pa matoroid, pamene pagona nkhani. Waya wokulungira matoroid ndi wa kopa wokutidwa ndi vanishi, ndipo solder sagwira pa vanishi. Choipa chake n'choti kunja kumaoneka bwino: kadontho ka solder kowala, kozungulira, koma mkati waya sanakhudzane ndi bolodi. Maso sangakuuzeni. Zimitsani wailesi, ikani multimeter pa continuity (poyezera ngati magetsi akudutsa), mukhudze pa ma pad (timalo towotcherapo solder pa bolodi) awiri a toroid iliyonse, pa solder osati pa waya. Iyenera kulira. Ikapanda kulira, kapena ikamalira modukizadukiza mukagwedeza toroid ndi chala, tenthetsani pamalopo masekondi 10 ndi solder watsopano mpaka vanishi atapsa n'kutulutsa kautsi. Ine ndimakonda kupala nsonga za waya ndi lezala ndisanalowetse m'bowo, ngakhale buku linene kuti kutentha kokha n'kokwanira, chifukwa ma soldering iron otchipa a pamsika satentha mokwanira, makamaka madzulo magetsi akafooka. Chitani zimenezi pa toroid iliyonse, kuphatikizapo koyilo ya amplifier ndi transformer ya mawaya ambiri ija.

Kenako werengani maulendo a waya. Nthawi iliyonse waya akadutsa pakati pa bowo, ndi ulendo umodzi, ngakhale woyamba uja wooneka ngati sunazungulire. Jambulani toroid ndi foni, mukulitse chithunzi, muwerenge modekha. Onaninso mtundu: yachikasu ndi T37-6, yofiira ndi T37-2, ndipo sizisinthanitsika. Ulendo umodzi wowonjezera umakweza inductance (muyeso wa koyilo), filter n'kuyamba kudula frequency yanu yomwe m'malo modula ma harmonic okha (ma frequency osafunika ochulukitsa yanuyo kawiri, katatu ndi kupitirira). Zimachitikanso chimodzimodzi waya akaunjikana mbali imodzi. Mukamutambasula kuti azungulire mphete yonse, inductance imatsika. Mukamufinya pamodzi, imakwera. Ndiye musanachotse ulendo uliwonse, yesani kutambasula ndi chikhadabo kapena kamtengo ka machesi, toroid imodzi pa nthawi, wailesi ili yozima, kenako muyeze. Ndaonapo wailesi ikuchoka pa mawati 2 kufika pa 4 ndi zimenezi zokha. Koma musatengeke n'kuvula filter maulendo ambiri pofuna nambala yaikulu, chifukwa diode yanu ija imawerengera limodzi ndi ma harmonic, ndipo mudzakhala mukusokoneza ena pa frequency ina.

Ma capacitor a mu filter ali ndi tinambala tovuta kuona. 271 ndi 270pF, 471 ndi 470pF, 102 ndi 1000pF. Foni yomweyo ikuthandizani kutsimikiza kuti iliyonse ili pamalo pake.

Zonsezi zikakhala bwino, ndiye mukhoza kukayikira ma BS170. Mukatumiza pang'ono n'kusiya key, akhudzeni ndi chala: onse atatu azifunda mofanana. Wina akakhala wozizira kapena wotentha kuposa anzake, sinthani onse atatu pamodzi. Pamsika akakupatsani 2N7000 n'kunena kuti ndi imodzimodzi, dziwani kuti miyendo yake ya drain ndi source ndi yotembenuka poyerekeza ndi BS170. Mukaika molingana ndi chojambula cha pa bolodi siigwira.

Nanga mukafika pa mawati 3.5 kapena 4 n'kukanirira pomwepo? Ine ndinganene kuti tsekani bokosi. Kuti mnzanu wa ku Nairobi aone S-unit imodzi yowonjezera (gawo limodzi pa sikelo ya mphamvu ya siginolo) pa mita yake, mufunika kuchulukitsa mphamvu kanayi. Kusiyana kwa 3.5 ndi 5 khutu lake silingakumve, pomwe kukweza voteji mpaka 15V kapena 16V m'kutentha kwa Okutobala kumangofupikitsa moyo wa ma BS170.

Ngati pa dummy load mawati ali bwino koma pa eriyo akugwa, wailesi ilibe mlandu. Dipole (eriyo ya mawaya awiri) ya 20m imafuna pafupifupi mamita 5 mbali iliyonse, ya 40m pafupifupi mamita 10, ndipo ikayandikana ndi malata a denga imasintha khalidwe. Yang'anani kachitsulo kapakati ka pulagi ya BNC ngati sikanalowe mkati, ndi ulusi wa shield ya coax (chingwe cha eriyo) ngati sukukhudza waya wapakati. Coax ya dishi ya 75 ohms imagwira ntchito pa dipole, koma yambiri ili ndi shield ya aluminiyamu imene solder sagwira, ndiye muimange ndi F connector ndi adapter. Ndipo mvula ikayamba mu Novembala, chotsani coax pa wailesi mukangomaliza kulankhula, chifukwa ziphaliwali zakutali zokha zimatha kupha ma BS170 wailesi ili yozima.