Mwachotsedwa ku sukulu ya udokotala ku Harare: poyambira ndi njira zimene zatsala

Musanayambe kuganiza za ntchito, tengani kalata yochokera ku ofesi ya registrar muiwerenge mofatsa. M'malamulo a maphunziro a mayunivesite a boma muno mu Zimbabwe muli zigamulo ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Akalemba kuti discontinue, mwaletsedwa kupitiriza udokotala wokha, ndipo mungathe kupempha malo mu pulogalamu ina pa yunivesite yomweyo. Akalemba kuti withdraw, mwachotsedwa pa yunivesite yonse, ndipo kawirikawiri mumadikira zaka ziwiri musanapemphenso malo. Kuchotsedwa chifukwa cha mlandu, monga kubera mayeso, ndi nkhani inanso: kumadzera ku komiti yoona za khalidwe la ophunzira ndipo kumalemera kuposa ziwirizi. Pezani buku la malamulo la fakalite yanu muone ndime imene aitchula m'kalatamo, chifukwa zonse zimene muchite zichokera pamenepo.

Ngati pali chifukwa chochitira apilo, chitani sabata yomweyo. Masiku amene amapereka ndi ochepa, ndipo ambiri amawataya ali chibisalire m'nyumba ndi manyazi. Apilo yongonena kuti "ndinalimbikira, ndichitireni chifundo" siipita patali. Imene imamveka ndi yokhala ndi umboni: kalata ya chipatala yosonyeza masiku amene munadwala, satifiketi ya imfa ya kholo, mapepala osonyeza kuti munaletsedwa kulowa m'kalasi chifukwa cha fizi, kapena ndime ya malamulo imene yunivesite siinaitsate. Lembani tsamba limodzi, nenani chimene chinachitika, chimene chasintha tsopano, ndi chimene mukupempha, monga kubwereza chaka kapena kusintha withdraw kukhala discontinue. Pempho lachiwirili ambiri saliganizira, koma lingakupulumutsireni zaka ziwiri. Kope yanu aidinde ku ofesi imene mwasiya kalatayo. Gawo 68 la malamulo aakulu a dziko lino a 2013 limakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa za chigamulo molemba. Kupita ku High Court n'kotheka, pasanathe masabata asanu ndi atatu, koma khoti limaona ngati ndondomeko inatsatidwa, silichonganso mayeso. Amene alibe ndalama za loya angayambire ku Legal Aid Directorate kapena ku Legal Resources Foundation.

Apilo ili m'kati, sonkhanitsani mapepala. Mufunika transcript, ndondomeko ya kosi iliyonse imene munakhoza yosonyeza mitu ndi maola, logbook ngati munafika ku mawodi a Parirenyatwa kapena ku Gomo (chipatala cha Sally Mugabe), ndi masatifiketi anu a O-Level ndi A-Level. Ngongole ya fizi ndiyo imagwira transcript, choncho pitani ku ofesi ya bursar mukapangane za kalipiridwe ka pang'onopang'ono. Pemphaninso mphunzitsi mmodzi amene amakudziwani bwino akulembereni kalata ya umboni panopa, akadakukumbukirani. Makope mukawadinditse kupolisi kapena kwa commissioner of oaths, ndipo musunge zithunzi zake mu imelo.

Pali chinthu chowawa chimene chiyenera kunenedwa poyera. Zaka zitatu kapena zinayi za udokotala zosamaliza sizikupatsani chilolezo chogwira wodwala. Ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Epworth anayamba kale kukuitanani kuti adokotala, ndipo anzanu oyandikana nawo adzabwera ndi mwana wotentha thupi kapena jakisoni woti muwabaye. Kanani. Lamulo la Health Professions Act limaletsa munthu wosalembetsedwa kugwira ntchito ya udokotala kapena kudzitchula dokotala, ndipo mlandu umodzi wotere ungakutsekereni makomo a mabungwe onse olembetsa anthu a zaumoyo, amene mukuwafuna mawa.

Posankha njira, yambani ndi funso loti chinakugwetsani n'chiyani. Ngati inali biochemistry ndi pharmacology, musathamangire pharmacy, mukazipezanso komweko ndipo zochuluka. Ngati m'kalasi munkakhoza koma kuwodi kunkakuvutani, labotale kapena radiography zingakukomereni. Ngati vuto linali ndalama, digiri ina ya zaka zinayi idzakugwetsani chimodzimodzi pokhapokha mutapeza wolipira wodalirika. Ngati anali matenda a maganizo, kusowa tulo, kumwa mowa, thandizo liyambe musanalembetse kwina kulikonse. Friendship Bench, pulogalamu ya uphungu pa mavuto a maganizo imene inayambitsidwa ndi Dixon Chibanda ku Mbare, imapezeka pa zipatala zazing'ono za khonsolo ya Harare ndipo siilipiritsa. Inu makolo, mawu akuti "watichititsa manyazi" asatuluke pakamwa sabata zimenezi. Mwana wongochotsedwa kumene amakhala pa ngozi yeniyeni yodzivulaza, ndipo akayamba kudzitsekera kapena kutsanzika modabwitsa, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa amene kalata yake ikuti discontinue, njira yaifupi ndi kusamukira ku pulogalamu ina ya zaumoyo: pharmacy, medical laboratory sciences, physiotherapy, occupational therapy, radiography kapena digiri ya unamwino. Ku University of Zimbabwe zonsezi zilipo, ndipo Harare Institute of Technology ku Belvedere imaphunzitsanso pharmacy. Ubwino wake ndi woti iliyonse ili ndi bungwe lake lolembetsa, monga Pharmacists Council of Zimbabwe, ndipo chiphaso chotere chimakulolani kugwira ntchito m'boma ndi m'zipatala za anthu wamba. Malo amakhala ochepa, satengera chifundo, amayang'ananso magiredi a A-Level. Kuti akuchotsereni anatomy kapena physiology imene munakhoza kale, muyenera kupempha molemba ndi ndondomeko za makosi zija, sizichitika zokha.

Unamwino wa dipuloma ambiri amaunyoza akachokera ku udokotala, koma ife timauika patsogolo kwa aliyense amene mtima wake uli pa odwala ndipo m'thumba mulibe. Maphunziro ndi a zaka zitatu, amachitikira pa zipatala monga Parirenyatwa, Sally Mugabe ndi Chitungwiza, ndipo wophunzira amalandira kandalama mwezi ndi mwezi. Amafuna maphunziro asanu a O-Level, kuphatikizapo Chingerezi ndi sayansi. Tsatani chilengezo cha Unduna wa Zaumoyo chokha. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti akupezereni malo, ndi wakuba. Mukalembetsedwa ku Nurses Council of Zimbabwe ndi kugwira ntchito zaka zingapo, mungapitirize ku uzamba, ku ICU, ku theatre, ku zogonetsa odwala pa opaleshoni, kapena ku clinical officer, woona ndi kuchiza odwala koma osati dokotala, amene muno amachokera mwa anamwino.

Ku Malawi n'kosiyana, ndipo amene ali ndi abale kumudzi aziganizire. Kumeneko clinical officer amaphunzira mwachindunji dipuloma ya zaka zitatu, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo m'boma la Thyolo, kenako internship, ndipo amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Pa zipatala za maboma ndiwo amaona odwala ambiri, ndipo amachita ngakhale opaleshoni yobereketsa. Lemberani sukuluzo mufunse zinthu ziwiri musanakwere basi ya pa Nyamapanda: ngati alandira satifiketi ya ZIMSEC, ndi fizi imene mudzalipire malinga ndi pasipoti imene muli nayo. Dziwaninso kuti chiphaso cha ku Malawi sichikulolani chokha kugwira ntchito ku Zimbabwe.

Ntchito zimene mungayambe miyezi ikubwerayi zili mu kafukufuku. Harare ili ndi mabungwe monga Biomedical Research and Training Institute, UZ Clinical Trials Research Centre, CeSHHAR ndi Zvitambo, amene amalemba anthu ofunsa mafunso, olowetsa data mu kompyuta ndi othandiza pa kafukufuku. Munthu wodziwa kuwerenga fayilo ya wodwala, wolankhula Chishona, Chichewa ndi Chingerezi, amaposa anzake ambiri. Pezani satifiketi ya Good Clinical Practice (malamulo oyendetsera kafukufuku wa zaumoyo pa anthu), imene The Global Health Network imapereka ulere pa intaneti ndipo imatheka tsiku limodzi, kenako phunzirani Excel ndi mapulogalamu osonkhanitsira data a REDCap ndi ODK. Makontirakiti amadalira ndalama za opereka thandizo, ndipo mu 2025 ambiri anatha mwadzidzidzi dziko la America litachepetsa thandizo. Choncho mukalowa, lembetsani digiri yophunzira muli pantchito, monga statistics kapena psychology ku Zimbabwe Open University, popeza wopanda digiri sakwera patali. Makampani ogulitsa mankhwala ndi zipangizo za m'chipatala, komanso a medical aid monga Cimas, nawonso amafuna anthu omva chilankhulo cha madokotala. Kwa wogulitsa, laisensi yoyendetsa galimoto yaing'ono ndi yofunika kwambiri. Kosi ya nurse aide ya Red Cross ingakupatseni poyambira, koma musagulitse katundu poyembekezera UK: kuyambira mu July 2025 dzikolo linasiya kupereka viza kwa osamalira okalamba ochokera kunja.

Kubwereranso ku udokotala n'kotheka, ku NUST ya ku Bulawayo, ku Midlands State University kapena kunja monga ku Zambia, koma konzekani kuyambira chaka choyamba ndi kulipira zambiri. Musanapereke dola ngakhale imodzi kwa ejenti, onani ngati sukuluyo ili mu World Directory of Medical Schools, kenako funsani molemba ku Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe ndi ku ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a mayunivesite, ngati digiri yake amaivomereza. Fomu ikafunsa ngati munachotsedwapo kwina, yankhani zoona. Bodza likadziwika, digiri ingathe kulandidwa ngakhale mutamaliza.

Pa CV lembani dzina la yunivesite, zaka zimene munakhalako, mawu akuti "sindinamalize" m'Chingerezi chomveka, ndi makosi amene munakhoza. Musalembe MBChB, dzina la digiri ya udokotala, pafupi ndi dzina lanu. Ku intavyu funsolo lidzabwera ndithu, choncho konzani yankho la ziganizo zitatu: chimene chinachitika, chimene mwachita kuchokera nthawiyo, ndi luso limene mukubweretsa pa ntchitoyo. Liyeserereni mokweza pamaso pa munthu wina mpaka lizituluka mosanjenjemera, ndipo musadzudzule mphunzitsi aliyense, chifukwa anthu a zaumoyo mu Harare muno amadziwana.